Kumata ndi Kumeta

Mu saluni yanga, kuseri kwa msika wa pa Rumphi Boma, palibe mzimayi amene amasiya tsitsi lake pansi. Ndikamaliza kumupesa amawerama, kutola kalikonse kamene kagwa, kuchotsa ndi kotsalira m'chipeso, n'kukulunga m'kapepala kupita nako kwawo. Aphunzitsi, manesi, akazi a abusa, onse chimodzimodzi. Ukawafunsa amati ndi ukhondo chabe. Ine ndimangoti eya, koma tonse timadziwa kuti tsitsi lako likagwera m'manja mwa munthu wosakufunira zabwino, tulo umatiiwala.

Ndine Hellen, kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kuno ndi mwamuna wapolisi, ndipo iye atasamutsidwa anaiwala kundinyamula, ine n'kutsala ndi chipeso changa. Koma nkhaniyi si yanga. Ndi ya Anesi Nambewe, mphunzitsi wa pulayimale ku Nkhamanga, amene mutu wake ndinausamalira kuyambira uli ndi tsitsi lofika m'mapewa mpaka pamene unalibe ndi limodzi lomwe.

Anesi anali wa ku Ntcheu. Boma linamuponya kuno atangomaliza kozi ya uphunzitsi, ali mtsikana wosadziwa ngakhale kuyankha "monire", moni wa kuno. Tinadziwana tsiku lina atandimva ndikukalipira wogulitsa tomato m'Chichewa cha kwathu. Anaima, kundiyang'ana ngati waona mbale wake, kenako anandilondola mpaka ku saluni. Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha ankakwera galimoto kuchokera ku Bolero, ku Nkhamangako, kudzagula sopo ndi shuga, n'kudzakhala pampando wanga. Anali munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ukamukoka tsitsi poluka, m'malo modandaula ankapepesa ndi iyeyo. Tsitsi lokhalo ndiye Mulungu anamupatsa mosaumira: lakuda bii, lodzaza, loti zipeso zanga zinkathothoka mano.

Anakwatiwa ndi a Manasseh Harawa, mlangizi wa zaulimi amenenso ankayimbitsa kwaya kutchalitchi kwawo. Anali munthu wamtali, wanthabwala, wa dazi loyambira pachipumi mpaka kunkhongo. Banja la a Harawa ndi la anthu ophunzira. Pabalaza pawo pali zithunzi za anthu ovala mikanjo ya ku yunivesite, ndipo ngakhale pokalipira galu amaikamo Chingerezi. Komabe ng'ombe za malowolo zinapita ku Ntcheu monga mwa mwambo, ndipo amalume ake a Anesi anazilandira mano ali panja, osafunsa kuti ng'ombezo zikutanthauza chiyani. Kwathu mwana ndi wa mayi. Kuno ukalowoledwa, mwana ndi wa kuchimuna. Mwamuna akamwalira, achibale ake akakukonda umakhala pamudzi n'kumalera ana ako. Akakukayikira, umanyamula mapoto ako, ana n'kutsala.

Anesi anali ndi mwana mmodzi yekha, Lusungu, amene anabwera patatha zaka za mapemphero ndi mawu obaya ochokera kuchimuna. Dzinalo anamutcha ndi a Isabella, mlongo wawo wamkulu wa a Manasseh, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito amene amakhala ku Phwezi m'nyumba yaikulu yopanda phokoso la mwana. A Isabella sankakweza mawu, sankafunikanso kukweza. Ankakonda kunena akumwetulira kuti, "Mwana uyu ngwa kwathu, inu mulamu mukungotisungira." Anthu ankaseka, Anesi ankaseka nawo, koma ine ndinkaona dzanja lake likupita paphewa pa mwanayo.

Kadazi koyamba ndinakaona ndine. Ndikugawa mizere kuti ndiyambe kuluka, chala changa chinatsetsereka pa kamalo kosalala kuseri kwa khutu, kukula ngati chivundikiro cha botolo. Sichinali chipere. Chipere chimatuwa, chimayabwa. Apa panali posalala, pofewa, ngati sipanamerepo kanthu chibadwire.

"Asisi, mwaima bwanji?" anandifunsa.

"Mwadzipsereza ndi chiyani apa, aphunzitsi?"

Anapapasa ndi chala. "Palibe. Sipakupweteka n'komwe."

Kusapwetekako ndi kumene kunandiopsa. Mwezi wotsatira timadazi tinali tiwiri, kenako tinayamba kugwirana manja. Tinayesa zonse zimene azimayi amauzana. Mafuta a nsatsi anapaka mpaka mapilo onse anada. Madzi a anyezi anathira mpaka ana a m'kalasi mwake anayamba kufunsana kuti akukazinga ndani. Kuchipatala anamupatsa mankhwala opaka, ndipo atalephera anamutumiza ku Mzuzu, kumene dokotala anamuuza mosabisa kuti ndi nthenda yoti thupi limangokana lokha tsitsi lake. Siipatsirana, siipha. Mwina lidzamera, mwina ayi. Anesi anabwera ndi "mwina" ameneyo n'kumusunga ngati mbewu.

Ine mbali yanga ndinachita zimene ndimadziwa. Poyamba ndinkaluka mokhotetsa mizere kuti tsitsi lotsala liphimbe podukapo. Litachepa ndinamusoka wivi, tsitsi logula lija timasokerera pa lachibadwa. Koma wivi imafuna posokerera, ndipo inakoka timizere tofooka tija mpaka tsiku lina inangotsala m'manja mwanga pamodzi ndi tsitsi limene inagwirako. Pamenepo tinasamukira ku wigi. Ndinamusankhira yaifupi, yosawala, yofanana ndi tsitsi lake lakale akalipesa chakumbuyo, osati zija zofika m'chiuno zimene atsikana amakupiza nazo ntchentche. Kusukulu wigi, kunyumba ndi kutchalitchi duku. Dzuwa la Okutobala ku Nkhamanga likamawotcha, thukuta linkamutsika m'makutu koma osavula. Mphepo ya pa Rumphi ikamakuntha, ija imanyamula mapepala ndi masiketi, ankayenda dzanja lili pamutu ngati wasenza mtsuko. Tsitsi lonse limene linagwa analitola, lililonse, n'kulisunga m'chitini cha mkaka wa ufa pansi pa sutikesi.

Mwina mukuti, nanga dazi n'chiyani, si matenda ngati ena onse? Kwa mwamuna, eya, amamutamanda kuti ndi nzeru zochuluka. Koma kumudzi kwa a Harawa mzimayi wa mpala amatanthauza chinthu chimodzi basi: maliro. Akaika munthu m'manda, m'mawa mwake achibale amasonkhana n'kumeta. Ophunzira ena masiku ano amangodulako pang'ono kutsogolo pochita mwambo, koma mkazi wa malemu amametedwa mutu wonse, ndipo lumo amagwira ndi mlongo wa mwamuna wake. Tsono mkazi amene wameta mwamuna wake ali moyo amati wamulira asanafe, ndipo wolira munthu wamoyo ndiye kuti akudziwapo kanthu. Zikalata za sukulu zili pakhoma sizinafafanize zimenezi.

Wodziwa za mutu wa Anesi pamudzi ponse anali a Manasseh okha. Ngakhale Lusungu anali asanauone. Bamboyo nkhaniyi anaitenga mwa nthabwala zake. Tsiku lina anabwera naye ku saluni, navala wigi ya mkazi wake, nadziyang'ana pagalasi uku akugwedeza mutu.

"Anyina Lusungu, iyi yandikhala chomene. Tizisinthana, inu Lolemba ine Lachiwiri."

Titaseka, ine ndinawauza zoona. Ndinati, "Alamu, kawauzeni a Isabella lero lomwe, aliyense akadali bwinobwino. Muwavulire duku inuyo ndi dzanja lanu, aone."

"Ndikawauza pa Khirisimasi, tonse tikasonkhana," anatero.

"Dikirani kaye," anatero Anesi motsitsa mawu. "Mwina limera. Sindikufuna azindiyang'ana pamutu ndikamawapatsa moni."

Khirisimasi inabwera n'kupita. Inabweranso ina. Ndinawakalipira onse awiri mpaka ndinatopa, chifukwa anthu ofatsa ndi ovuta kuposa amwano: amakuvomera n'kusachita.

Mvula itangoyamba, a Manasseh anagwa m'munda akuphunzitsa alimi kabzalidwe ka chimanga. Anati ndi sitiroko. Anawabweretsa kuchipatala cha pa Boma, mbali ya kumanja yonse itafa, pakamwa patakhota. Chimene chinandilasa mtima kwambiri chinali mawu. Munthu amene ankatsogolera kwaya yonse anatsala ndi kakulira kamodzi kochokera kukhosi, kopanda tanthauzo. Nditamva, chimene chinandibwerera m'mutu, Mulungu andikhululukire, sichinali bamboyo ayi. Chinali chakuti mboni yokhayo ya Anesi yatsekeka pakamwa.

Ndinkapita masana kukawaona ndi kabasiketi ka nthochi. Tsiku lina ndinapeza a Isabella atakhala pafupi ndi bedi, Baibulo pamiyendo, Anesi ataima kumiyendo kwa wodwala ndi kapu ya phala. A Manasseh anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja lamanzere, lija linatsala lamoyo, naloza duku la Anesi. Anayesa kulankhula, mitsempha ya m'khosi inatupa, koma kunatuluka kakulira kaja basi. Analozanso. Misozi inayenderera mpaka m'khutu.

Ine ndinamva zimene ankanena. Anesi anamvanso. Ankakwaniritsa lonjezo la Khirisimasi lija.

A Isabella anatseka Baibulo pang'onopang'ono. "Ukuti vichi, Manasseh? Mulamu watani?"

Dzanja linalozanso, kenako linagwera pabulangeti. A Isabella anatembenuka n'kumuyang'ana Anesi kuyambira kumapazi mpaka paduku, ndipo maso awo anakhala pamenepo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma Anesi anandiponda phazi.

Titatuluka panja ndinamukalipira. "Mwandiletseranji? Nthawi yake inali yomweyo!"

"Mukanena inu, asisi, adzati mboni yanga ndi mayi wogulitsa tsitsi la anthu akufa. Simudziwa kuti ndi mmene amanenera za mawigi anu? Ndipo ndikavula duku lero, mwamuna wanga ali gone pabedi akundiloza uku akulira, iwo adzaona chiyani? Matenda?"

Ankanena zoona. Adzaona mkazi amene anameta kale, ndi mwamuna amene akumuulula.

Wodwalayo anapitirira kufooka, mpaka madokotala anauza banja kuti aitane achibale akutali. Masana a tsiku limenelo Anesi analowa mu saluni, nayang'ana ngati muli kasitomala, natseka chitseko yekha. Anatulutsa chitini cha mkaka chija m'chikwama n'kuchiika patebulo pakati pa mabotolo anga.

"Mundimate, asisi, kuti akandimete."

Ndinaganiza kuti lilime lamuterereka chifukwa cha kutopa. "Mukuti ndikumeteni? Pali chometa pamenepo?"

"Ayi. Mundimate. Muli ndi guluu uja mumamatira mawigi kutsogolo. Tsitsi ndi ili, langa lomwe. Mulibwezere pamutu, lumo la a Isabella likapeze chochotsa."

Chipatala chili pafupi, ukaima pakhomo panga umaona denga lake, ndipo mmenemo bamboyo anali akupumabe. Ndakongoletsa akwatibwi, ndaphimba zipsera za moto, ndabisa imvi za azimayi okwatiwa ndi anyamata, koma kukonza mutu wa maliro a munthu wamoyo ndinali ndisanachitepo. Ndinakana. Ndinati ndi malodza, ndinati manja anga sangagwire.

Sanandinyengerere. Anangoti, "Akavula duku n'kupeza mpala, ndichoka pamudzi paja tsiku lomwelo. Lusungu atsala."

Ndinatenga sizasi. Tsitsi la m'chitini ndinalidula tizidutswa tifupitifupi, monga limakhalira la munthu amene amalidula kuti wigi izimukhala bwino. Ndinamutsuka mutu, kuupukuta mpaka kuuma gwa, kupaka guluu mopyapyala pang'onopang'ono, kuwaza tsitsi, kusindikiza ndi chala, kuwazanso. Ntchitoyo inatenga masana onse, ndipo kawiri konse makasitomala anagogoda n'kubwerera. Nditamaliza unkaoneka mutu wa mzimayi amene wakhala nthawi yaitali akudwazika matenda, wosapesa, wonyankhalala, koma wa tsitsi. Anadziyang'ana pagalasi ndipo nkhope yake inayamba kumwetulira yokha, chifukwa anali atauiwala mutu umenewo. Kenako anakumbukira chimene tinaukonzera, natseka pakamwa ndi dzanja. Anamanga duku n'kubwerera kuchipatala. Za tsiku limenelo sindipepesa kwa munthu, ndipo atabweranso ndikhoza kumumatanso.

A Manasseh anamwalira pasanathe masiku ambiri. Maliro anali aakulu: magalimoto a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, azimayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, m'mayunifolomu awo oyera, abusa angapo. Kwaya inayimba popanda woitsogolera, ndipo pena inkasochera n'kudikirana. Ine ndinalira nawo, pakuti bamboyo ndinkamukonda, koma diso langa silinachoke m'mphepete mwa duku la Anesi. Kunkatentha, anthu anadzaza m'nyumba ya siwa, ndipo thukuta ndi mdani wa guluu.

M'mawa mwake titaika maliro, azimayi tinasonkhana kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chigafa cha fodya. Panali beseni la madzi, sopo, ndi lezala latsopano. Anesi anamukhazika pamphasa. A Isabella anaima kumbuyo kwake, namasula duku, nalipinda bwinobwino, naliika pambali. Azimayi anayang'ana n'kuona tsitsi. Palibe amene ananong'oneza mnzake. Ndinapuma.

A Isabella ananyowetsa mutuwo ndi madzi a sopo n'kuyamba cha pachipumi. Lezala linayenda pang'ono, kenako linakodwa. Tsitsi lometedwa limagwa lomwazika, koma ili linasendeka lonse pamodzi ngati khungu la mbatata yophika. Pansi pake panalibe timadontho takuda timene lumo limasiya. Panali posalala, powala.

Dzanja lawo linaima. Anatenga kachidutswako, nakafikisa pakati pa zala ziwiri, nakanunkhiza. Kenako anakweza maso, kudumpha azimayi onse amene anakhala pamenepo, mpaka anandipeza ine kumbuyo kwenikweni. Ndinadikira kuti afuule.

Sanafuule. Anasuntha n'kuima moti thupi lawo linatchinga mutu wa Anesi kwa azimayi ena onse. "Khazikani mutu, mulamu," anatero, napitiriza kumeta mofulumira, dzanja lina likutola chilichonse chisanafike pamphasa. Atamaliza anamumanganso duku okha. Tsitsi la ena onse amene anametedwa tsikulo linasonkhanitsidwa kuti likakwiriridwe pamodzi. La Anesi a Isabella analimanga pamfundo ya chitenje chawo.

"Nanga ilo, a Nyaharawa?" anafunsa mayi wina wachikulire, akuwatchula a Isabella ndi dzina la mtundu wawo.

"Ili nditaya ndekha."

Ndinabwerera ku Boma ndikuti a Isabella ndi mngelo, ndinawaganizira molakwa. Pamsonkhano wa banja, monga Anesi anandifotokozera pambuyo pake, akuluakulu anamuyamikira kuti anadwazika bwino, ndipo anati akhale m'nyumba yake, munda ndi wake. A Isabella anavomereza zonse. Kenako anawonjezera, mawu ali pansi monga mwa nthawi zonse, kuti Lusungu apita naye ku Phwezi. Sukulu za kumeneko n'zabwino, anatero, ndipo mulamu akufunika kupuma. Polankhula zimenezi zala zawo zinkaseweretsa mfundo ija ya pachitenje, maso ali pa Anesi.

Aliyense anadikira kuti mayi wa mwana akane, pakuti akanakana akuluakulu akanamumvera. Anesi anayang'ana mfundoyo.

"Yewo, mulamu," anatero, kutanthauza kuti zikomo.

Lusungu anakwera galimoto akulira, akuti ankhazi, ndiye kuti azakhali m'chinenero cha kuno, amusiye agoneko kamodzi kokha ndi amama. Anamuuza kuti adzabwera pa holide.

Holide yoyamba mwana anali ndi maphunziro apadera. Yachiwiri anali ndi chifuwa, sakanatha kuyenda pafumbi. Anesi akapita ku Phwezi ankalandiridwa bwino kwambiri, tiyi wamkaka ndi masikono. Tsitsi lija linachoka pachitenje n'kulowa m'kabotolo, ndipo kabotoloko kanaikidwa m'kabati ya galasi pabalaza, pakati pa makapu a alendo, poti aliyense wokhala pampando wa alendo akaone. Asanathire tiyi a Isabella ankafunsa mwaulemu wonse, "Mulamu, lamera?" Ndipo Anesi ankayankha kuti likuyesera.

Azimayi ena onse amene anametedwa tsiku lija, lawo linamera. Ena anafika kale pobwera kwa ine kudzalukitsa. Anesi yekha anapitiriza ndi wigi yake, ndipo anawonda moti lamba wa m'kati mwa wigiyo ndinachita kumubweza kawiri kuti isamagwedere. Ndinkakwiya ndikamuona. Ndinkakwiyira a Isabella, ndinkakwiyira malemu ndi Khirisimasi yawo, ndinkakwiyira amalume a ku Ntcheu ndi ng'ombe zawo, ndinkamukwiyiranso iyeyo chifukwa cha "yewo" wake uja. Anamata mutu kuti asunge mwana, ndipo guluu yemweyo ndi amene anamulanda mwanayo.

Loweruka lina m'mawa, msika utadzaza, analowa mu saluni n'kukhala pampando osapereka moni. Chitseko sanatseke. Anavula wigi n'kuiveka yekha pa chimutu cha pulasitiki chimene ndimaonetsera katundu.

"Dzulo ndinaimba foni ku Phwezi," anatero. "Anayankha Lusungu. Ndinamumva akuitana kuti, amama, foni yanu. Sankaitana ine."

Ndinapita kuti ndikatseke chitseko.

"Chisiyeni. Munditsuke mutu, mupake mafuta. Uwale."

"Aphunzitsi, mukufuna kutani?"

"Lumo silimeta mpaka kalekale, asisi. Onse amene anameta tsiku lija lawo lamera. Anthu aone okha kuti langa silinachoke ndi lumo."

"Ena adzati ndi malemu akuligwira kuti lisamere. Mukuwadziwa anthu. Ndipo a Isabella akatulutsa kabotolo kaja, adzati munanamiza mwambo."

"Ndinanamizadi, ndipo ndikanena ndekha pamaso pa akuluakulu, ndi chifukwa chake chomwe. Akandithamangitsa, andithamangitse ndili chiimire. Panopa ndikukhala m'nyumba yawo, ndikulima munda wawo, mwana ndilibe. Ndikuopa kutaya chiyani? Chinsinsichi chikatha, m'kabati muja mutsala guluu wouma basi."

Mawu ambiri chotere ndinali ndisanawamvepo kuchokera pakamwa pake. Ndinamutsuka, ndinamupukuta, ndinapaka mafuta. Tsiku la guluu lija tinkabisala, koma lero panalibe pobisala. Sindinkadziwa, ndipo iyenso sankadziwa, ngati akuluakulu a kwa Harawa adzaona matenda kapena adzaona mfiti.

Anatuluka, ine pambuyo pake nditanyamula chikwama chake. Njira ya ku siteji ya minibasi imadutsa pakati pa msika, ndipo sanaikhotetse. Phokoso linkazima kutsogolo kwathu n'kuyambanso kumbuyo kwathu, motsika. Ogulitsa usipa anasiya kuitanira. Mayi wina anakokera mwana wake kuseri kwa benchi. Ambiri ankamudziwa, ankadziwanso kuti maliro a mwamuna wake anapita kalekale. Mayi wina wogulitsa nyemba, wachikulire, anaimirira n'kugwira pachifuwa.

"Pepani chomene, mwana wanga. Kwagwanso maliro kuti?"

"Kulibe maliro, amama. Ndi mutu wanga."

Pa siteji anakwera minibasi ya ku Mzuzu, yoti akatsikire pa mphambano n'kukwera ina ya ku Phwezi. Anakhala pawindo, dzuwa likumenya pamutu pake. Anthu anapitiriza kukwera. Aliyense ankalowa, kuyang'ana malo a pambali pake, n'kupitirira kumbuyo. Anapanikizana, anakhalirana pamiyendo, bambo wina anakhala mokhota pafupi ndi chitseko thumba la ufa lili pachifuwa, koma pambali pa Anesi panatsala mbee.

Kondakitala anayamba kudandaula. "Apa pali malo, akuluakulu! Amama, sunthirani apa! Tinyamuka bwanji chonchi?"

Palibe amene anasuntha. Anesi anatulutsa dzanja pawindo n'kulandira chikwama chake kwa ine, kenako anatembenukira kwa kondakitala.

"Asiyeni, achimwene. Pobwera akhalapo Lusungu."

Kondakitala anamuyang'ana, nayang'ana malowo, namenya denga kuti dalaivala anyamuke. Chibwerereni ku Rumphi, imeneyo ndi minibasi yokhayo imene ndinaiona ikuchoka pa siteji ili ndi malo.